Kanyama kanu mufiriji ya kafukufuku: amakasungiranji, nanga akakatulutsa kamakhala kali bwanji?

Ngati munalowapo mu kafukufuku wa zaumoyo, kaya ku Queens ku Blantyre kaya ku Central ku Lilongwe, kapena munangoperekeza m'bale wanu, mukuidziwa fomu ija ya masamba ambirimbiri imene amakuwerengerani musanasaine. Penapake mkati muja mumakhala mzere wonena kuti magazi kapena kachidutswa ka thupi kamene atenge akasunga mufiriji kuti adzakayeze mtsogolo. Ambirife timangogwedeza mutu, kusaina, n'kumapita. Mafunso amadzabwera madzulo pa gulu la WhatsApp: amakatani nazo zimenezi? Zimawola? Munthu angadziwe chiyani kuchokera pa kanyama kamene kakhala mu ayisi zaka zisanu?

Yankho limadalira chimene akufuna kuyeza. Zina, monga DNA, sizivuta kusunga. Pano tikamba za chimene chimavuta kuposa zambiri, chomwe ndi kuyeza mmene ma mitochondria a munthu ankagwirira ntchito. Mukamvetsa chimenechi, zinazo muzimva mosavuta.

Ma mitochondria ndi chiyani

Thupi lapangidwa ndi maselo, ndipo mkati mwa selo muli tizigawo tating'onoting'ono totchedwa mitochondria. Ntchito yawo yaikulu ndi kutenga zimene zachokera ku nsima, mafuta ndi shuga, kuziphatikiza ndi mpweya wa okosijeni, n'kupanga mphamvu imene selo lingagwiritse ntchito. Mphamvuyi imasungidwa mu kanthu kotchedwa ATP. Gawo lalikulu kwambiri la okosijeni amene mukupuma panopa likukathera mu ma mitochondria. Ndipo thupi silisunga ATP wambiri ngati ndalama kubanki, limapanga n'kugwiritsa ntchito nthawi yomweyo, moti pa tsiku limodzi munthu wamkulu amapanga ndi kumaliza ATP wolemera pafupifupi ngati thupi lake lomwe.

Ziwalo zimene sizipuma ndi zimene zili ndi ma mitochondria ochuluka: mtima, ubongo, chiwindi, impso, minofu. Mu selo la mnofu wa mtima, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi ma mitochondria. Maselo ofiira a magazi alibe ngakhale imodzi, n'chifukwa chake ofufuza akamatenga magazi pa nkhaniyi amafuna maselo oyera ndi ma platelet basi.

Alinso ndi DNA yawoyawo, yapadera ndi ija yaikulu ya selo. Ndi yaifupi, zilembo 16,569 zokha, zonyamula ma jini 37, ndipo inawerengedwa yonse koyamba ku Cambridge mu 1981. Imeneyi timatengera kwa amayi okha. Bambo sapatsira ana awo. Kwa ife a mbumba nkhaniyi sikutidabwitsa kwenikweni: ma mitochondria anu ndi ofanana ndi a amalume anu, osati a azakhali.

Taganizirani za Kapichira

Kuti mumvetse chifukwa chake ayisi ndi mdani, muyenera kudziwa mmene mphamvuyi imapangidwira. Mitochondrion iliyonse ili ndi nembanemba ziwiri, yakunja ndi yamkati. Pa yamkatiyo pali timakina tinayi totsatana, timene asayansi amangotitchula ndi manambala: Complex I, II, III ndi IV. Timeneti timapatsirana ma electron ochokera ku chakudya, ndipo titatu mwa ito timagwiritsa ntchito mphamvu imeneyo kupopa ma proton kupita kuseri kwa nembanemba. Amaunjikana kumeneko ngati madzi kuseri kwa damu. Akamabwerera amadutsa pa kamakina kachisanu, ATP synthase, kamene kamazunguliradi ngati chopukusira magetsi, n'kumapanga ATP. Kumapeto kwa mzere, pa Complex IV, okosijeni amalandira ma electron aja n'kusanduka madzi. Amene anafotokoza izi mu 1961 ndi Mngelezi Peter Mitchell. Anzake anamutsutsa zaka zambiri, koma mu 1978 analandira mphoto ya Nobel.

Tsono kumbukirani January 2022, namondwe Ana atawononga damu la Kapichira pa Shire. Dziko linataya magetsi pafupifupi ma megawati 130 nthawi imodzi. Makina opukusa magetsi analipo, madzi mu Shire analimo, koma chotchinga madzi kuti aunjikane chinali chitagumuka. Ndi zimenezo ndendende zimene zimachitika mitochondrion ikaundana n'kusungunuka: timakina timakhalapo, koma nembanemba yabooka, ma proton sakuunjikananso, ATP sapangika.

Mzere wa timakinawu si nkhani ya m'mabuku chabe. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni amene amatulutsa cyanide, ndipo cyanide amatseka Complex IV. N'chifukwa chake ku Nkhata Bay amachiviika masiku angapo asanasinje ufa wa kondowole. Ombwe, chomera chija ena amaphera nsomba, uli ndi mankhwala a m'gulu la rotenone, amene amatseka Complex I. Rotenone yemweyo ndi amene mu labu amathira dala akafuna kuzimitsa kamakina koyamba kuti aone kachiwiri pakokha.

Kuyeza kanyama katsopano

Njira yodalirika yoonera ngati ma mitochondria akugwira ntchito ndi kuyeza kuchuluka kwa okosijeni amene akumeza. Dokotala amabaya mankhwala ochititsa dzanzi pantchafu, n'kutenga kachidutswa ka mnofu kakang'ono ngati njere ya nandolo ndi singano yapadera. Pa kameneko amadulapo mamiligalamu awiri kapena atatu okha, n'kuika mu kachipinda kotsekeka ka makina oyezera, kamene kali ndi madzi otentha madigiri 37 ngati thupi. Makina odziwika pa ntchitoyi ndi Oroboros a ku Innsbruck, Austria, ndi Seahorse a kampani ya Agilent. Amathiramo chakudya cha ma mitochondria, n'kumaona pa kompyuta okosijeni akutsika.

Vuto ndi nthawi. Kanyama kakachoka m'thupi kayenera kukhala mu madzi apadera ozizira, osaundana, ndipo kayezedwe pasanathe maola ochepa. Ndiye kuti wodwala, dokotala, makina ndi katswiri wake onse akhale malo amodzi tsiku limodzi. Makinawo ndi odula, ndipo Oroboros imodzi ili ndi tizipinda tiwiri tokha, ndiye simungayeze anthu makumi tsiku limodzi. Wodwala wa ku Chitipa kapena ku Nsanje, mwa njira imeneyi, salowa n'komwe mu nkhani. Apa ndi pomwe firiji imabwerera.

Ayisi amawononga bwanji

Munaikapo tomato mu freezer? Potuluka amakhala wolimba bwinobwino, koma akasungunuka amangoti phwa, madzi okhaokha. Madzi akaundana amakula pafupifupi magawo 9 pa 100, n'chifukwa chake botolo lodzaza limaphulika, komanso amapanga timiyala ta ayisi tosongoka timene timabaya nembanemba za maselo.

Pali zowononga ziwiri, ndipo zimakokerana mbali zosiyana. Mukaziziritsa pang'onopang'ono, ayisi amayambira kunja kwa maselo. Madzi otsala osaundana amasanduka a mchere wambiri, n'kuyamba kukoka madzi a mkati mwa selo mpaka selo kufota. Mukaziziritsa mwachangu, madzi alibe nthawi yotuluka, ndiye amaundana mkati mwenimweni. Posungunula palinso msampha: mukachedwa, timiyala tating'ono tija timalumikizana kukhala tikulutikulu, n'kumaliza zimene tinasiya. Ndiye lamulo ndi lakuti posungunula pasakhale kuzengereza, kachubu kamalowetsedwa m'madzi a madigiri 37 nthawi yomweyo.

Mu mitochondrion, nembanemba yakunja ikang'ambika pamatuluka kapuloteni kotchedwa cytochrome c, kamene kamanyamula ma electron kuchoka pa Complex III kupita pa IV. Kakatayika, mzere waduka. Yamkati ikabooka, damu lagumuka. Mukaika kanyama kotere mu makina mwachizolowezi, mupeza manambala otsika kwambiri, ndipo mutha kunena kuti munthuyo anali ndi ma mitochondria odwala pomwe wolakwa ndi firiji.

Kuzizira kuli m'magulu

Freezer ya kunyumba, ija ya mafirizesi ndi nkhuku, imafika madigiri 18 kapena 20 pansi pa ziro. Pa ntchito iyi siithandiza, chifukwa pa kuzizira kumeneko mumatsalabe timatumba ta madzi a mchere osaundana, ndipo zowononga zimapitirira mwakachetechete. Firiji za kafukufuku zimakhala pa -80°C. Ayisi wouma, amene amanyamulira ma sampulo paulendo, ali pa -78.5°C, ndipo sasungunuka kukhala madzi, amangosanduka mpweya n'kutha. Pamwamba pa zonse pali nitrogen wamadzi, pa -196°C. Mukatsika kupitirira cha m'ma -130°C, madzi otsala amalimba ngati galasi ndipo pafupifupi chilichonse chimaima.

Njira zoikira kanyama mmenemo zilipo ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ndi kungokaponya mu nitrogen wamadzi kakangotuluka m'thupi, kaundane m'masekondi. Maselo amafa, palibe zobwerera, koma DNA, mapuloteni ndi timakina tija timasungika. Akafuna kudzaona mnofu pa maikulosikopu amayamba aviika mu madzi ena otchedwa isopentane amene aziziritsidwa ndi nitrogen, chifukwa nitrogen akakhudza chinthu chofunda amawira, n'kupanga kampweya kozungulira kamene kamachedwetsa kuzizira.

Yachiwiri ndi yofuna kuti maselo adzadzuke. Imeneyi inapezeka mwangozi ku London mu 1949, pomwe Christopher Polge, Audrey Smith ndi Alan Parkes anaona kuti umuna wa tambala wosakaniza ndi glycerol unapulumuka utaundana. Mu 1959 James Lovelock ndi mnzake Bishop anaonetsa kuti mankhwala otchedwa DMSO amachita chimodzimodzi ndipo amalowa m'maselo mosavuta. Mpaka lero maselo oyera a magazi amasungidwa mu madzi okhala ndi DMSO pafupifupi magawo 10 pa 100, n'kutsitsidwa digiri imodzi pa mphindi. Ambiri amadzuka. Koma DMSO ndi poizoni kwa maselo pakafunda, ayenera kutsukidwa msanga, ndipo maselo odzukawo sapuma ndendende ngati atsopano. Kwa kachidutswa ka mnofu n'kovutirapo, poti mankhwala safika pakati mofanana ndi m'mbali. Gulu la Andrey Kuznetsov linaonetsa mu 2003 kuti timinofu topyapyala tosungidwa ndi DMSO tingathe kupumabe bwino, koma njirayi imafuna kuti kanyama kakonzedwe mwaluso kasanaundane, zimene sizinachitike pa ma sampulo ambiri amene ali kale m'mafiriji a dziko lapansi.

Kugwiritsa ntchito pobookapo

Kwa zaka zambiri, pa kanyama kongoponyedwa mu nitrogen anthu ankayeza kamakina kamodzikamodzi payekha, kuwerenga DNA ya mitochondria, ndi kuyeza puloteni yotchedwa citrate synthase imene imasonyeza kuchuluka kwa ma mitochondria. Zipatala zofufuza matenda a mitochondria zimachitabe zimenezi.

Mu 2020 gulu la ku UCLA ku Los Angeles, lotsogoleredwa ndi Rebeca Acín-Pérez ndi Orian Shirihai, linasindikiza njira imene ine ndimaikonda chifukwa cha kuphweka kwa nzeru yake. M'malo molimbana ndi kubookako, anakugwiritsa ntchito. Cytochrome c yatayika? Athiramo ina. Ndiye pali kanthu kotchedwa NADH, kamene ndi chakudya chenicheni cha Complex I, koma sikangalowe mu mitochondrion yamoyo chifukwa nembanemba imakatchinga. Mu yobooka kamangolowa. Mwa njira imeneyi, kanyama kamene kanaundana kale kamayambanso kumeza okosijeni, ndipo munthu angathe kuyeza mphamvu ya Complex I, II ndi IV.

Koma tisanamizane. Chimene mukuyeza pamenepo ndi mphamvu ya mapampu atatsegulidwa mpaka pamapeto. Simungadziwe ngati damu la munthuyo linkadontha ali moyo, kapena ankapanga ATP wochuluka bwanji pa okosijeni amene ankameza, chifukwa damulo lagumulidwa ndi ayisi. Ndiye mukaona nkhani pa Facebook yoti asayansi apeza zakutizakuti pa ma mitochondria a odwala shuga kapena okalamba, funso loyamba ndi loti: kanyama kanali katsopano kapena kamufiriji? Ndipo anayerekeza kamufiriji ndi kamufiriji kanzake, kosungidwa mofanana?

Zikutikhudza bwanji kuno

Funsani aliyense amene anayamba ma ARV zaka zoyambirira. Boma litayamba kupereka mankhwalawa ulele mu 2004, piritsi lofala linali Triomune, lokhala ndi mankhwala atatu, limodzi mwa iwo stavudine. Anapulumutsa anthu ochuluka zedi, palibe angatsutse. Koma patapita miyezi kapena zaka, ena anayamba kulowa masaya, manja ndi miyendo kuonda, mapazi kutentha ndi kuchita dzanzi usiku. Ena ochepa anadwala matenda oopsa oti asidi wachuluka m'magazi. Kulowa masaya kuja kunkaulula munthu pa minibasi iye asananene kanthu.

Gwero lake linali mu ma mitochondria. Stavudine amatseka kamakina kamene kachilombo kamagwiritsa ntchito pochulukana, koma amasokonezanso polymerase gamma, puloteni imene imakopera DNA ya mitochondria. DNA ija ikachepa, timakina ta mphamvu sitipangika mokwanira, ndipo maselo a mafuta ndi a mitsempha amavutika. Mbali ina ya umboni inachokera pa tizidutswa ta mafuta a pansi pa khungu timene odwala m'maiko osiyanasiyana anapereka, pomwe ofufuza anapeza kuti DNA ya mitochondria yatsika. Mu 2009 bungwe la WHO linalangiza maiko kuti ayambe kusiya stavudine, ndipo Malawi inayamba kusinthira ku mankhwala okhala ndi tenofovir mu 2011. Wachinyamata amene akumwa piritsi limodzi lero, nkhope yake ili bwinobwino, ali ndi ngongole kwa anthu amene analola kubayidwa kuti apereke kanyama.

Ndipo mafunso sanathe. Ma mitochondria akufufuzidwa pa nkhani za shuga, mtima, kunyentchera kwa ana ndi matenda aakulu olowa m'magazi. Ngati kuyeza kumatheka pa kanyama katsopano kokha, mayankho azichokera m'mizinda ya maiko olemera mokha, pa matupi a anthu odya zina ndi odwala zina. Firiji yodalirika ndiyo imalola kuti wodwala wa kuno awerengedwe nawo.

Firiji ikazima

Apa ndiye pamene pali mantha enieni, osati ku mphekesera. Sampulo ikasungunuka n'kuundananso, imaonongeka kachiwiri, ndipo poiyang'ana simungadziwe. N'chifukwa chake amaigawa m'timachubu tingapo kuyambira pachiyambi, kuti potenga kamodzi asasungunule zonse. Firiji ya -80 ikazima siitha tsiku ili pa kuzizira koyenera, makamaka wina akamatsegulatsegula. Kuno kumene magetsi amathima osatsanzika ndipo dizilo wa jenereta amasowa, labu yosunga ma sampulo iyenera kukhala ndi jenereta, alamu yoimbira munthu foni usiku, firiji ina yopanda kanthu yodikirira, ndi kaundula wa kuzizira wa tsiku ndi tsiku.

Musaganize kuti ndi vuto la osauka okha. Mu 2012 firiji ya pa chipatala cha McLean, chogwirizana ndi yunivesite ya Harvard, inawonongeka ma alamu osalira, ndipo ubongo wa anthu pafupifupi 150 woperekedwa ku kafukufuku unasungunuka, wina mwa iwo wa anthu a autism. Mu December 2023, nthawi ya tchuthi cha Khrisimasi, nitrogen anasiya kulowa m'matanki 16 ku Karolinska Institutet ku Sweden, ndipo ma sampulo osonkhanitsidwa kwa zaka zambiri, ochuluka a kafukufuku wa khansa ya m'magazi, anatayika. Amene anapereka ena mwa iwo anamwalira kale. Palibe kokatenganso.

Musanasaine

Nkhani ya magazi kuno ndi yoterera. Mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo zinaphetsa anthu osalakwa ndipo ntchito zina za zaumoyo zinaima. Kuseka anthu amantha sikuthandiza, poti mbiri ya kafukufuku ili ndi zipsera zake: mu 1951 madokotala a ku Johns Hopkins ku Baltimore anatenga maselo a Henrietta Lacks osamupempha, ndipo banja lake linadzamva patapita zaka zoposa 20. Mankhwala a mantha ndi kufunsa ndi kuyankhidwa.

Kafukufuku aliyense wokhudza anthu m'Malawi ayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga mbali, monga National Health Sciences Research Committee kapena COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo fomu yanu iyenera kukhala ndi njira yolumikizirana ndi komitiyo. Ngati palibe, dabwani. Funsani kuti atenga zochuluka bwanji. Magazi a kafukufuku nthawi zambiri amayezedwa ndi masupuni a tiyi, pomwe wopereka magazi ku banki ya magazi amapereka pafupifupi mamililita 450. Funsani kuti asunga kuti, zaka zingati, ndipo adzayeza chiyani. Ngati sampulo ituluka kunja kwa dziko, pamayenera kukhala pangano lolembedwa pakati pa mabungwe awiriwo, ndipo muli ndi ufulu wodziwa dziko lake. Pa kachubu pamalembedwa nambala, osati dzina lanu, koma funsani amene akusunga buku lolumikiza nambalayo ndi inu. Ngati adzawerenga DNA ya mitochondria, kumbukirani kuti zotsatira zake zikukhudzanso amayi anu, abale anu a bere limodzi ndi ana a alongo anu.

Funsaninso ngati mungalowe mu kafukufuku koma kukana zosunga, poti mafomu ambiri amaika bokosi lapadera la zimenezi. Kukana sikukuchotserani chithandizo chanu cha kuchipatala. Mukadzasintha maganizo mungapemphe kuti sampulo yanu iwonongedwe, ngakhale zimene anayeza kale sizingafufutidwe. Ndipo pemphani kope lanu la fomuyo, mulijambule pa foni, chifukwa pepala limasowa koma kachubu kaja kadzakhala kali pa -80 zaka zikubwerazi.